Tomato Womaliza wa M'dimba la Luwiza

Lole itaima pakhomo pa msika wa Kamwendo, Luwiza anali asanagulitse ngakhale mulu umodzi. Anali atayala thumba lake pansi, tomato atamuunjika timilu timilu, repu ndi chayinizi atawaza madzi kuti zisafote. Dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuluma pakhosi.

"Abwera eni msika," anatero Stelia, mayi wogulitsa anyezi amene ankakhala moyandikana naye tsiku lililonse la msika. "Ife tiyeni tizikagona."

Amuna awiri anakwera pamwamba pa lole n'kuyamba kutsitsa mabasiketi. Tomato wa m'mabasiketimo anali wamkulu ngati chibakera, wofiira mofanana, wonyezimira. Mavenda amene ankazungulirazungulira pafupi ndi Luwiza anathamangira komweko onse, wina mpaka kuponda repu wake osapepesa.

Luwiza ankadziwa kumene tomatoyo ankachokera. Kumtunda kwa kamtsinje kodutsa m'dambo lawo, bwana wina wa ku Lilongwe anali atagula malo, n'kutseka madzi ndi damu, n'kuika mapampu a sola. Chiyambire pamenepo, madzi a m'chitsime cha m'dimba la Luwiza ankangotsikiratsikira. Mwamuna wake Enoki anakumba, anakumbanso, mpaka khasu linayamba kulira pathanthwe. Alimi a m'dambomo anapita pamodzi kuboma kukadandaula. Anawapatsa mipando, anawamvetsera bwinobwino, n'kuwauza kuti nkhaniyo iunikidwa. Pofika lero, ambiri mwa iwo anali atasiya madimba awo.

Eliza, venda amene kwa zaka zambiri ankaoda tomato kwa Luwiza kukagulitsa kubodala, kumalire a dziko, anadutsa atasenza basiketi ya palole, nkhope atayang'ana kumbali.

"Achemwali!" anaitana Luwiza. "Lero mwandiiwala?"

Eliza anaima, natula katundu wake. Anatola tomato mmodzi wa Luwiza, namutembenuza m'manja. Anali wamng'ono, khungu lake lolimba, pansi pake pali banga lakuda la ludzu.

"Musandione choncho, mayi a Tiyamike. Inenso ndili ndi ana. Madalaivala kubodala amagula ndi maso. Uyu ndikamuika pambali pa uyo, andiseka."

"Koma wanga ndi wokoma. Mukudziwa inu."

"Kukoma sikuoneka patebulo." Kenako Eliza anatchula mtengo wa dengu lonse, mtengo woti sukanakwanira ngakhale mbewu imene Luwiza anafesa.

"Bola ndikathire nkhumba," anatero Luwiza.

"Nkhumbazo muli nazo?" anafunsa Stelia, ndipo onse atatu anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. Eliza anasenzanso basiketi yake n'kumapita.

Dzuwa litafika paliwombo, chayinizi anali atagona ngati nsanza. Luwiza anatsitsa mtengo, anaonjezera basela, anaitana aliyense wodutsa, ngakhale a kabaza. Agogo ena anagula mulu umodzi atamudandaulira kaye za mawondo awo. Mphunzitsi wina wamkazi anagula repu chifukwa cha manyazi, poti ankapemphera tchalitchi chimodzi. Tomato wapansi m'dengu anayamba kuchucha, ntchentche n'kumasonkhana.

Apo m'pamene Stelia anamugunda ndi chigongono. "Si amuna anu awo? Akucheza ndi ndani pansi pa mtengo paja?"

Luwiza anayang'ana. Enoki anali ataima pafupi ndi okonza njinga, chipewa chili m'manja, akugwedeza mutu kwa bambo wina wovala jekete ngakhale kunali kutentha. Luwiza anamuzindikira bamboyo nthawi yomweyo. Anali Timoteyo, kapitawo wa pa esiteti ya fodya ya cha ku Mkanda.

Pa esiteti imeneyo ndi pamene iye ndi Enoki anafikira atachoka kwawo ku Phalombe ali achinyamata. Anakhalapo ngati matenanti mpaka tsitsi la Enoki linayamba imvi: kudzuka kusanache, kuthyola fodya mame ali thoo, kusoka masamba m'chigafa mpaka zala kuchita dzanzi, ndipo pakutha pa chaka kumangouzidwa kuti fodya sanachite bwino kumsika. Mwana wawo woyamba anamuika m'manda komweko. Tsiku limene anapeza kadimba kawokawo, Luwiza analumbira kuti tsamba la fodya sadzaligwiranso. Ndipo dimbalo linawasunga ndithu. Linafoletsa nyumba ndi malata, linalowetsa mwana wawo wamkazi Tiyamike ku sekondale, woyamba pamtundu wawo wonse kufika kumeneko.

Amuna awiriwo anabwera pamene panali Luwiza. Timoteyo ndiye anayamba, akumwetulira.

"Mayi a Tiyamike! Umoyo wa bizinesi wakuyanjanitu. Ife tinkati mwina mwagula kale galimoto."

"Tili bwino, akapitawo. Kaya inu."

"Ife tilipo. Nazale yamera bwino chaka chino, tikungosowa manja." Anayang'ana dengu lochuchalo, nayang'ananso Enoki. "Ndiye monga tapangana, achimwene. Lole yathu idzadutsa Loweruka."

Timoteyo atachoka, Luwiza anayamba kulongedza. Masamba ofotawo anapatsa Stelia kuti akafutse, tomato wotsala anamubwezera m'dengu, Enoki n'kumanga dengulo panjinga. Stelia, amene pakamwa pake sipankatsekeka, anangoti, "Muyende bwino, anzanga," n'kuyamba kusanja anyezi amene anali wosanja kale.

Anayenda wapansi, Enoki akukankha njinga. Atasiya msewu wa tala n'kulowa kanjira kopita kudambo, Luwiza anatsegula pakamwa.

"Mwapangana chiyani ndi munthu uja?"

"Tiyeni tikafike kudimba kaye."

"Ndikufunsa pano, bambo a Tiyamike. Munandifunsa ine?"

"Ndikanakufunsani mukanati chiyani? Mukanati tidikire mvula. Mvula ikagwa m'dambo mumadzaza madzi, tomato salimika. Ikatha mvula, bwana uja atsekanso kumtunda. Munda wa chimanga tilibe, ife ndife obwera kuno. Tidikire chiyani?"

"Sunga khosi, mkanda woyera udzavala."

"Khosilo lisungidwa ndi chiyani m'mimba muli mbee?" Enoki sanakweze mawu. Akanakalipa, mwina Luwiza akanapeza pogwira.

Atafika kudimba, Enoki anatsamiritsa njinga kumpanda wa udzu, namutsogolera kuchitsime. Luwiza anasuzumira. Dzulo lomweli pansi pake panali kadziwe koti munthu n'kutunga ndi kapu. Lero panali matope okhaokha, ayamba kale kung'aluka, ndi chule mmodzi atakhala phee pakati.

"Ndinalowamo m'mawa muja inu mutanyamuka," anatero Enoki. "Ndinafukula ndi manja. Palibe."

Luwiza anakhala pansi pamzere. Anayang'ana mabedi a repu amene anawokera yekha, mitengo ya tomato yomangirira kuzichiri, masamba atapiringizika ngati apsa ndi moto. Chapatali kumtunda kunkaoneka chigawo chobiriwira, ndipo mphepo ikaomba ankamva fungo la dothi lonyowa.

"Chabwino," anatero Luwiza. "Ife tipite. Ndife akale, tinazolowera. Tiyamike ndikamupempha Stelia amusunge, amalize sukulu. Azimuthandiza ntchito zapakhomo, sangakane."

Enoki anavula chipewa, nachiyang'ana mkati ngati muli yankho.

"Akapitawo akuti chaka chino malo ndi ochepa, anthu ofuna ndi ambiri. Banja la anthu awiri sakulandira. Akuti manja anayi sangathe munda."

"Ndiye inu mwati chiyani?"

"Ndati tilipo atatu."

Luwiza anaona m'maganizo mwake zala za mwana wake, zala zogwira cholembera, zitada bii ndi utomoni wa fodya. Anayang'ana mwamuna wake kuti amutukwane, n'kupeza kuti bamboyo akulira mwakachetechete, misozi ikutsikira m'ndevu, zikhadabo zake zikadali ndi matope a m'chitsime. Mkwiyo wake unasowa pogwera.

Kunja kwa mpanda kunali mbuzi za anthu a m'mudzi, zikusuzumira pamipata, zikununkhiza masamba. Luwiza anadzuka, nasasa fumbi pachitenje. Anapita pakhomo pa dimba, namasula luzi lomangira chitseko, nachikankhira pambali. Mbuzizo zinazengereza pang'ono, kenako zinalowa mothithikana n'kubalalika m'mabedi.

Enoki anatola chibuma mwachizolowezi kuti azigende.

"Zisiyeni zidye," anatero Luwiza.

Anamasula dengu panjinga, nakhuthulira tomato yense pansi kuti mbuzizo zitsirize. Dengu lopanda kanthulo analiika pamutu, natulukira pakhomo. Atayenda pang'ono anaima, osacheuka.

"Mwana uja pano ndiye kuti waweruka, ali kunyumba. Mukamuuze ndinu, bambo a Tiyamike. Ine pakamwa panga sipangathe."