Tsiku Limene Apongozi Anaphika Mwala

Ine ntchito yanga ndi yamagetsi, za m'nyanja yamchere sindinabadwe nazo. Thanki yagalasi ija ndinaigula chifukwa cha dyera la maso basi. Ndinapita kukakonza mawaya m'sitolo ina yogulitsa nsomba zoweta, ndinaona tinthu tonga maluwa tikugwedera m'madzi pansi pa getsi labuluu, mtima n'kupita. Mwini sitoloyo, mkulu wina amene aliyense amangomutchula kuti a Chidazi, anandiuza kuti amenewo ndi makorali, ndipo si maluwa ayi, ndi tizilombo tamoyo.

Miyezi itatu yoyamba m'thankimo munalibe kanthu. Ntchito inali kusungunula mchere, kuyeza, n'kudikira kuti madzi akhazikike. Mayi a mwana ankandiseka kuti amuna anzanga akuweta nkhuku, ine ndili kalikiliki kuweta madzi.

Lachisanu lina ndinabweretsa mwala wanga woyamba, waukulu ngati chibakera, wodzaza ndi timakorali tobiriwira ta pakamwa pofiira. A Chidazi anandilangiza kuti ndisauponye m'thanki msanga, uyambe wakhala m'ndowa yakeyake ya madzi amchere milungu ingapo, poopa kuti wabwera ndi matenda. Anati ndiziugwira nditavala magolovesi. Kenako anandigwira mkono n'kunenetsa kuti mtundu umenewu uli ndi poizoni, usadzakhudzane ndi madzi otentha, chifukwa poizoniyo amakwera ndi nthunzi n'kulowa m'chifuwa. Ndinamva bwinobwino. Koma kunyumba sindinauze munthu, podziwa kuti m'nyumba muli khanda la miyezi inayi, ndipo mayi ake akanataya mwalawo pamodzi ndi ine ndemwe.

Ndowa ndinaiika kukhitchini, poti n'kumene kunali soketi yolumikizira kapampu koyendetsa madzi ake.

Tsono m'nyumbamo munalinso apongozi anga, mayi a akazanga, amene anabwera kudzalera mdzukulu mwana wawo atabwerera ku ntchito yauphunzitsi. Mayi amenewa ndi aukhondo woopsa. Matewera amawiritsa, mabotolo amawiritsa, supuni ikangogwa pansi imakathera mumphika. Ndinkawaseka chamumtima kuti tsiku lina adzandiwiritsa ine.

Lolemba masana ndili pamakwerero, foni inalira. Anali mayi a mwana. Anati aimbira amayi awo koma akungotsokomola, mawu sakutuluka, ndiye ndithamange poti ine ndinali pafupi. Pulayala ndinaisiya padenga pomwepo.

Nditatsegula chitseko, nthunzi inandiwomba kumaso. Mawindo onse anali otseka. Mkamwa munayamba kuwawa ngati ndanyambita batire, m'maso n'kumathetha. Pachitofu panali poto wamkulu wa matewera akubwata, ndowa yanga ili pambali yopanda kanthu, ndipo ndinadziwa kuti mwala uli m'potomo ndisanavundukule n'komwe.

Apongozi anali atakhala pansi pafupi ndi firiji, maso ali psuu, akupuma movutika. Anayesa kundifotokozera kuti mwalawo unkanunkha, unali ndi zonanda, ndipo sakanalola chinthu chauve kukhala pafupi ndi mabotolo a mwana. Anaukwecha ndi burashi, kenako anauwiritsa.

"Mwana ali kuti?" ndinafunsa.

Analoza kumsana kwawo. Nthawi yonseyo anali atamubereka.

Ndinamasula nsalu yoberekerayo. Mwana wathu ndi wolira, amalira ngakhale ntchentche itangomudutsa, koma apa anali zii. Thupi linali lotentha, kachifuwa kakukoka mkati, ndipo mpweya unkatuluka ndi kamluzu. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinazimitsa chitofu, ndinatsegula zitseko zonse, n'kutuluka ndikuitana aneba athu oyendetsa takisi, amene mwamwayi anali akutsuka galimoto panja. Iwo ananyamula apongozi, ine mwana.

M'njira monse khutu langa linali pakamwa pa mwanayo. Kamluzu kaja kakangosiya pang'ono, ndinkamugwedeza mpaka kayambirenso. Pena ndinkamuitana, pena ndinkapemphera, pena ndinkakalipira dalaivala wosalakwayo kuti akuyenda ngati wanyamula mazira.

Kuchipatala namwino anandifunsa chimene mwana wadya. Ndinati sanadye kanthu, wapuma nthunzi ya mwala. Anandiyang'ana ngati ndaledzera. Ndinaimbira a Chidazi n'kupereka foni kwa dokotala, ndipo ndinaona nkhope ya dokotalayo ikusintha pamene ankamvetsera. Sanatayenso nthawi. Mwana anathamanga naye kuchipinda china, apongozi anawaveka chopumira, ine anandiuza ndivule shati ndisambe m'manja ndi kumaso. Dokotala atabwerako anandiuza mosabisa kuti mankhwala opha poizoni ameneyo alibe, chimene angachite n'kuthandiza mwana kupuma mpaka thupi lake litalimbana naye lokha.

Mayi a mwana anafika choko chili m'manja. Anaima pagalasi la chipindacho kuyang'ana mwana wawo ali ndi timapaipi m'mphuno, ndipo ine ndinaima kumbuyo kwawo, chifuwa chikundiwawa, kuopa ngakhale kutsokomola. Namwino aliyense akatuluka mofulumira, ndinkamutsatira ndi maso. Tinakhala choncho masiku awiri.

Lachitatu m'mawa mwanayo anamuchotsa timapaipi tija. Namwino anabwera naye kuchipinda kumene apongozi anagonekedwa, atamukulunga m'kansalu, akupuma yekha, pang'onopang'ono koma yekha. Anati agogo ayambe ndiwo kumunyamula, poti masiku onsewa akhala akungomufunsa.

Apongozi anabisa manja m'bulangete.

"Iyayi, musandipatse," anatero, mawu ali osasa. "Ine ndi amene ndinafuna kumupha mwanayu. Mundikhululukire, bambo, ndakuonongerani mwala wanu, ndakuonongeraninso mwana. Ndikatuluka muno ndizipita kwathu."

Mayi amene analera ana asanu ndi mmodzi, akulira pamaso panga chifukwa cha tchimo langa. Ndinachita manyazi oti sindingathe kuwafotokoza. Ndinagwada pambali pa bedi n'kuwauza kuti iwo sanalakwe, kuti ine ndinkadziwa za poizoniyo kuyambira tsiku limene ndinagula mwalawo, ndipo ndinabisa dala.

Namwino anayang'ana ine, anayang'ana apongozi, kenako anatembenukira kwa mayi a mwana. Iwo analandira mwanayo n'kumufungatira. Ndinadzuka, ndinatambasula manja kuti ndingomukhudza kaphazi.

"Musamugwire," anatero mayi a mwana, osakweza mawu. Anapita mbali ina ya bedi, anavundukula bulangete, anatulutsa manja a amayi awo n'kumugoneka mwanayo pamenepo.