Mthuthuthu wa Mkamwini

Fraser adabwera kuchikamwini kwa Chiwalo ndi bulangete paphewa ndi njinga yamoto yosayenda pangolo. Idali njinga yakale ya ku Mangalande, yakuda, imene malume ake adabwera nayo kuchokera ku Joni iye asanabadwe. Napolo uja adagumuka ku Michesi adaikwirira m'matope pamodzi ndi nyumba ya malumewo. Malume sadapezeke. Njinga ndiyo idapezeka, chiwongolero chitatulukira pamchenga, ndipo Fraser adaifukula ndi khasu.

Pamudzi pa mkazi wake Belita, chilichonse chidali ndi mwini wake. Munda udali wa Belita, dimba la mpunga kuchigwa lidali la Belita, mbuzi zidali za mbumba, ndipo mawu omaliza adali a Davison, mlongo wake wamkulu wa Belita. Fraser ankalima, ankafolera nyumba, ankakumba manda pakagwa zovuta. Koma chake chenicheni chidali chitsulo chija, chimene adachimangira chisakasa kuseri kwa nkhokwe.

Maganizo ake sadali a misala ayi. Ankafuna kuti njinga ikadzuka azikapikula matemba ku Chilwa n'kumagulitsa pa Migowi. Akadzapeza kangachepe adzachite lendi nyumba pomwepo, atenge Belita ndi mwana wawo Lily, akakhale poti munthu angathe kutsokomola osayamba wayang'ana nkhope ya mlamu wake.

Choncho nandolo akagulitsidwa, Fraser ankapatula pang'ono n'kupita kwa Shadrick, makaniko wa pa Migowi. Shadrick ankadziwa sitolo ina yakale ku Limbe imene idali ikusungabe zitsulo za njinga zotere m'mabokosi a fumbi. Chaka china adabweretsa matayala. Chaka china tcheni ndi kabuleta. Chaka cha mpendadzuwa adabweretsa pisitoni ndi maringi ake. Chilichonse chikafika, Fraser ankachipukuta ndi kansanza, n'kuchimanga pamalo pake mosamala ngati akumanga bala.

Chidatsala ndi magineto, kachitsulo kamene kamapereka moto ku pulagi. Popanda iko, zonse zija zidali zokongoletsa chabe.

Koma zinthu zidali zitasintha. Chibwerere matipate, ndalama idagwa, ndipo mitengo inkakwera ngati ikuthawa njoka. Fraser akasonkhanitsa zimene adauzidwa mwezi wa masika, pofika kwa Shadrick ankapeza kuti mtengo wasamuka kale.

“Achimwene, inu mukuthamangitsa mthunzi wanu,” adatero Shadrick tsiku lina, akutsuka manja m'chitini cha palafini. “Mwini sitolo uja watsala ndi magineto amodzi okha. Akuti kumene ankaitanitsa adasiya kupanga inu mukuyamwa. Ndipo pali mzungu wina wa kumaesiteti ku Mulanje akuwafunanso, woti sanenerera mtengo.”

“Sangakwanemo a njinga zatsopanozi?”

“Mungaveke nkhalamba nsapato ya mwana wa sukulu? Mabawuti ake ndi ena, mano ake ndi ena. Gogo wanuyu amadya za kwawo basi.” Shadrick adaseka, koma ataona nkhope ya Fraser adasiya. “Kunena zoona, gulitsani. Mugule njinga yakapalasa, muzigona tulo.”

Fraser adatsazika. Adabwerera wapansi, dzuwa likumuwotcha m'khosi.

Sabata yomweyo adakumana ndi a Chiukepo, mphunzitsi wochokera kumpoto amene ankaphunzitsa pasukulu yapafupi. Malipiro a boma sankawafikitsa kumapeto kwa mwezi, ndiye ankafunafuna dimba loti abwereke chaka chimodzi, adzalemo mpunga. Kwawo kwa a Chiukepo munda ndi wa mwamuna, kotero sadaone chifukwa chofunsira munthu wina. Fraser ankadziwa bwino kuti kuno si choncho. Komabe adawerengera mumtima kuti mvula idakali kutali. Njinga ikayenda, matemba adzabweza ndalama ya aphunzitsi khasu lisanagwe m'dimbamo, ndipo palibe adzadziwe. Adalandira ndalamayo kuseri kwa kalasi, n'kuipereka kwa Shadrick tsiku lomwelo.

Magineto atafika, Fraser adakankha njinga kuyambira mbandakucha mpaka pa Migowi. Shadrick adamanga, adayesa moto ndi chala, adathira petulo wa m'botolo. Adaponda koyamba, zii. Adapondanso, njinga idatsokomola. Kenaka idalira ndi liwu lakuya, la pansi, losiyana ndi tinjinga ta alangizi. Amayi ogulitsa tomato adatembenuka. Anyamata oitanira minibasi adasiya ntchito n'kuyamba kuimba malikhweru.

Ulendo wobwerera udali waufupi modabwitsa. Mphepo inkamukhetsa misozi, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire Fraser adafuula yekha pamsewu popanda chifukwa.

Atafika pakhomo palibe amene adathamangira njingayo. Belita adali atakhala pakhonde, miyendo ili ndi matope ouma a kuchigwa. Davison adali chiimire pambali pake.

“Zimitsani chimenecho, alamu,” adatero Davison. “Mlongo wanga wapeza aganyu akugalauza dimba la amayi athu. Akuti awatuma aphunzitsi. Aphunzitsi akuti mwini dimba ndinu. Ndiye ife timati tidziwe, mudabadwira pano liti?”

A Chiukepo sadafune kudikira mvula. Adafuna nthaka igalauzidwe idakali yofewa.

Nkhani idakambidwa Loweruka pansi pa mtengo wa mango. Kuchimuna kudabwera Eneya, mkulu wake wa Fraser, amene adali nkhoswe yake. Eneya adapepesa mpaka mawu adamuthera. Adati munthu amalakwa, adati njinga tsopano ikuyenda, apatsidwe miyezi yochepa abweze.

“Abweze ndi chiyani?” adafunsa Davison. “Matemba? Kodi inu simudamve kuti Chilwa waphwa? Anthu akuyenda pansi pamene ankapalasa bwato. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ife tidali ndi mpunga pamphuno, alamu auponya kumphepo.”

Zoti nyanja ikuphwa Fraser adali atazimva. Ankangodziuza kuti mvula ikagwa idzadzaza.

Eneya adatembenukira kwa Belita. “Nanga inu alamu, mukuti bwanji? Banjali ndi lanu.”

Belita ankakanda pansi ndi kamtengo. Polankhula sadakweze mawu.

“Ine sindidawakanizepo. Nandolo ankapita, ndinkangoyang'ana. Denga likudontha, ndinkasuntha mphasa. Lily adadwala malungo, tidapita kuchipatala wapansi, matayala atsopano ali m'chisakasa. Koma dimba lija ndi limene limatidutsitsa mwezi wa njala. Akanandifunsa, ndikanalira, mwina n'kuvomera. Sadandifunse.” Adaponya kamtengo kaja. “Ndatopa kukhala pamitala ndi chitsulo.”

Banja lidathera pomwepo. Chigamulo chidatsata mwambo wa pamudzipo: mkamwini akamachoka amatenga chimene adabwera nacho, ndipo chochokera m'nthaka ya mbumba chimatsala ndi mbumba. Davison adati njinga ndi ya Fraser, palibe akuikana. Koma zonse zimene zidagulidwa ndi nandolo, mpendadzuwa ndi dimba zichotsedwe, zikagulitsidwe, aphunzitsi abwezeredwe zawo.

“Mukazichotsa simupeza ngakhale theka,” adatero Fraser. Aka kadali koyamba kulankhula. “Igulitseni yonse ikuyenda. Mzungu wa ku Mulanje agula.”

“Kuti mawa abale anu azidzati tidakulandani chuma cha malume anu? Ayi, alamu. Ife si akuba. Chanu tengani.”

Panalibe wina wodziwa kugwira sipanala, choncho ntchitoyo idagwera Fraser yemwe. Adayala chiguduli pabwalo. Adayamba ndi magineto, amene mabawuti ake adali asanagwire n'komwe fumbi. Adachotsa kabuleta, petulo wotsalira n'kumuyenderera m'zala. Pochotsa tayala lakutsogolo njinga idayamba kupendama, ndipo Belita adadzuka n'kudzaigwirira chiwongolero, nkhope atayang'ana kumbali. Adaima moyandikana kwambiri moti Fraser ankamva fungo la utsi m'chitenje chake.

“Ichinso n'chathu?” adafunsa Belita motsitsa, akuloza tcheni ndi chibwano.

“N'chanu.”

“Nanga m'katimo?”

“Pisitoni. Chaka cha mpendadzuwa.”

“Bambo a Lily, mukanangondifunsa.”

Fraser adaweramira injini, n'kuyamba kumasula mutu wake. Bawuti imodzi idakana. Adailimbana mpaka sipanala idaterereka n'kumusupula chala, koma sadasiye. Pamene dzuwa linkapendeka, pachiguduli padali patadzaza zitsulo zonyezimira, ndipo Davison adazikulunga n'kulowa nazo m'nyumba mwake. Lily adali atatengedwa kale kupita kwa azakhali ake kuti asaone.

Chotsala chidali chigoba chakuda chopanda miyendo, choti sichingakankhidwe. Eneya adadula mtengo wa bulugamu, adachimangirira ndi luzi, ndipo awiriwo adachisenza pamapewa, wina kutsogolo wina kumbuyo.

Njira yachidule yopita kumsewu inkadutsa m'mphepete mwa dimba lija. Aganyu adali akumalizitsa ndime yawo, poti uthenga woti asiye udali usanawafike. Mmodzi adaimika khasu n'kufuula, “Pepani nazo zovutazo! Mwambo wa maliro uli kuti, tidzathandize kukumba?” Anzake adaseka. Eneya adatukwana chapansipansi. Fraser adangoyang'ana nthaka yakuda imene idagalauzidwa bwino, mizere yake yowongoka kuposa mmene iye ankalimira.

Atafika pamsewu adatula katunduyo kuti apume. Mapewa adali atatupa.

“Tsono tikulowera nacho kuti?” adafunsa Eneya. “Kwa ine sizingatheke, nanenso ndili pachikamwini. Kumudzi kwathu minda adagawana alongo athu, nyumba zili ndi amuna awo. Mwina akakulola kugona kukhitchini masiku angapo. Koma ichi sakachilandira.”

“Ndikachiika panja.”

“Mvula ikubwera, Fraser.”

Fraser adayang'ana kumene adachokera. Utsi wa madzulo udali utayamba kukwera pamadenga, ndipo ankatha kulizindikira denga limene adafolera yekha. Adadikira kuti mwina wina atulukira panjira. Padangodutsa mayi wosenza nkhuni, amene adawapatsa moni osaima.

Adawerama, n'kuika mtengo uja paphewa lina.

“Nyamulani, achimwene,” adatero.