Galimoto ya ababa itakonzedwa

Galimoto ya ababa inasiya kuyenda kalekale. Inangokhala kuseri kwa nyumba, pansi pa kachisakasa ka malata, kumbuyo kwake itakhazikidwa pa njerwa. Kale inali takisi, ndipo ndi imene inatilera ine ndi achimwene. Mutu wa ababa utayamba kusokonekera, chigalimoto chimenechi n'chimene chinandisungira bambo anga.

M'nyumba sankandidziwa. Ndikawapatsa madzi osamba ankati, "Zikomo mayi, Mulungu akudalitseni." Tsiku lina mpaka anandifunsa ngati ndine wantchito watsopano. Ine, mwana wawo, amene ndinkawachapira zofunda zonyowa m'mawa uliwonse! Koma ndikawagwira dzanja n'kukawakhazika pampando wa dalaivala, zinthu zinkasintha. Ankalowetsa zala mumng'alu waukulu wa padashibodi, n'kumausisita, kenako n'kundicheukira.

"Tsabola, tseka chitsekocho bwinobwino, usamenyetse. Si cha amuna ako ichi."

Dzina limenelo anandipatsa ndili wamng'ono chifukwa cha pakamwa pangapa, ndipo palibe wina amandiitana choncho. Tinkakhala momwemo mpaka dzuwa litatentha, iwo akundifunsa za ana anga, akundikalipira kuti ndawonda. Tsiku lonse ndinkapirira chifukwa cha kanthawi kameneko.

Sindinganame, m'katimo munali monyansa. Dashibodi inali itang'ambika ndi dzuwa ngati mang'a a kuchidendene. Mpando wa dalaivala unali utalowa pansi motengera thupi lawo, waya atatulukira pambali, koma iwo ankadziwa kumuzemba. Chiwongolero anachikulunga ndi mphira za chubu, zitada bii ndi thukuta. Nsalu yakudenga inkalendewera n'kumakhudza kumutu. Munkanunkha fodya, oyilo ndi mikodzo ya makoswe.

Ababa atagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, achimwene anabwera. Amakhala kutali, amagwira ntchito pafakitale yopanga mipando yasofa, ndipo kwathu amabwera pokhapokha zikavuta. Achimwenewo atalowa muwodi, ababa anawapatsa moni mwaulemu n'kuwatchula adokotala. Achimwene sanapiteko kachiwiri. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba atasuzumira m'galimoto, maso ali psuu.

"Mlongo wanga, ulibe manyazi? Ababa ungamawakhazike m'chisa cha makoswe chonchi?"

Ndinapsa mtima. "Manyaziwo munali nawo kuti inu pamene ndinkawapukuta? Isiyeni mmene ililimo. Ndi mokhamo mmene amandidziwa."

"Ndiye tangoganiza akaipeza ili ngati tsiku limene anaigula. Mwina mutu wonse ungabwerere."

Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ndinali nditatopa, usana wonse ndinkakhala kuchipatala, ndipo mawu akuti mwina aja anandifooketsa. Ndinangoti, "Kaya, zanu izo."

Pamanja pokha achimwene ndi katswiri, zimenezo sindingawalande. Anamasula mipando yonse n'kuindandalika pakhonde. Anasenda nsalu zakale ndi mpeni, waya wothothoka uja n'kumuwongola, siponji watsopano n'kumudula ndi mpeni wanga wa buledi osandipempha n'komwe. Dashibodi anaizula yonse, waya aliyense atamumata kachizindikiro kuti asasokoneze pobwezeretsa. Anaigoneka patebulo lathu lodyera, n'kuthira phala lomatira m'ming'alu yonse. Litauma anapala ndi sanipepa, n'kuthiranso, n'kupalanso, mpaka fumbi loyera linadzaza m'makapu. Kenako anaipopera penti wakuda. Fungo la guluu wa nsalu yakudenga linandipweteketsa mutu mlungu wathunthu.

Mphira za pachiwongolero anazidula n'kusokerapo chikopa ndi singano yaikulu, zala zikutuluka magazi. Ankayamba m'mamawa, chakudya n'kumadyera chiimire. Tsiku lina ndinawamva akuyankhula okha, mutu uli pansi pa chiwongolero, akuti, "Muona ababa, muona." Chinandiwawa kwambiri n'chakuti zonsezi ankazichita chifukwa cha chikondi, ndiye ndinasowa powatukwanira.

Madzulo ena ndikuchokera kuchipatala ndinaona utsi wakuda kudzala. Siponji wakale, mphira, nsalu yakudenga, kapeti, zonse anali ataziyatsa. Ndinathamanga ndi ndowa ya madzi, koma ndinapeza zitasungunuka kale.

"Zinyalala zimenezi ukufuna uzitani?" anatero achimwene.

"Mukanadikira kaye abwere!"

"Adzazione za chiyani? Iwe umangokonda kulongolola."

Ababa anatuluka m'chipatala atatha, khosi lili ngati la nkhuku. M'mawa mwake achimwene anawameta ndevu, kuwaveka jekete, n'kuwatsogolera kuseri kwa nyumba pang'onopang'ono. Anatsegula chitseko cha dalaivala n'kuima pambali akumwetulira. M'kati munkawala. Ngakhale ine ndinavomereza kuti ntchito inagwiridwa.

Ababa anaima manja ali kumbuyo, n'kusuzumira.

"Yabwino galimotoyi. Ndi ya ndani?"

"Ndi yanu, ababa," anatero achimwene.

Ababa anaseka. "Aaa, musandinamize inu adokotala. Mukufuna andimange?"

Tinawanyengerera mpaka analowa. Siponji watsopano anawakweza m'mwamba, mawondo n'kugunda chiwongolero. Dzanja lawo linapita lokha padashibodi, pamene panali mng'alu paja, n'kungotsetsereka. Anabwerezanso. Anayamba kukanda ndi zikhadabo, akupuma mofulumira. Ine ndinazungulira, n'kukhala pampando wanga, n'kumenyetsa chitseko dala ndi mphamvu zanga zonse kuti andikalipire.

Anadzidzimuka n'kudziphimba kumaso. "Pepani mayi, sindinabe kanthu. Anandilowetsa ndi awa. Nditulutseni, mwiniwake angabwere."

"Ababa, ndine. Ndine Tsabola."

"Chonde mayi, nditulutseni."

Pampando watsopanowo panayamba kunyowa. Ndinawatulutsa, kukawasambitsa, n'kuwagoneka. Akundithokoza mwaulemu, ine misozi ili mbwembwembwe.

Nditabwerera ndinapeza achimwene ali m'galimoto ndi sikuludiraiva m'manja, akung'amba dashibodi imene anaisalaza ndi thukuta lawo. Penti ankathothoka, phala loyera lija likugwera pakapeti.

"Unali pati? Mlongo wanga, ndiuze, mng'alu uja unali pati? Unayambira apa?"

"Chakumanzere pang'ono," ndinayankha. Ukali wonse unali utandithera.

Anakumba pamenepo, kenako anasenda chikopa cha pachiwongolero, n'kukasaka chubu chakale kwa wokonza njinga. Anadumphadumpha ndi mawondo pampando kuti ulowe pansi. Anagula fodya, munthu wosasuta, n'kumufukiza m'katimo mawindo atatseka, akutsokomola. Tinawabweretsanso ababa mawa lake, ndi mkuja wake. Ankagwira mng'alu watsopanowo n'kuchotsapo dzanja msanga, akuti wina wawononga galimoto ya eni ndipo mlandu ugwera iwo. Pampando wa dalaivala anakaniratu kukhala.

Tchuthi cha achimwene chinatha. Ponyamuka anaima pakhomo chikwama chili paphewa, akufuna kunena kanthu. Ndinawauza kuti basi iwasiya. Sindinawakhululukire tsiku limenelo, ndipo sindikudziwa ngati ndawakhululukira lero.

Patapita masiku, m'mawa wina ndinawasowa ababa m'nyumba. Ndinafufuza kubafa, kuchipata, kumsewu. Ndinawapeza m'galimoto. Anali atatsegula okha chitseko chakumbuyo n'kukhala mowongoka, chipewa chili pamawondo, nsapato atavala mosemphanitsa. Chikhalire changa sindinawaonepo atakhala kumbuyo.

Ndinalowa kutsogolo n'kukhala pampando wawo, poti ndinasowa chochita. Kenako anandigwira paphewa ndi chala chimodzi.

"Mayi, ndinu oyendetsa?"

"Eya," ndinatero.

"Mundithandize, mukanditule kunyumba. Ndachedwa. Ndili ndi kamtsikana kanga kamandidikira pachipata, ndiye ndikapanda kufika kamakana kudya."

Ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Ndi kutali?" ndinafunsa.

"Ayi, si kutali. Koma fulumirani, kali kokha."