Fodya Wosathena wa ku Chiparamba

Zonsezi zinayamba ndi kalendala. Inali pakhoma m'sitolo ya bambo Majid ku Foti Jemusoni, kumene ine ndinkajambula anthu pakhonde m'chaka cha 1947. Ndinali nditangobwera kunkhondo ndi nsapato zazikulu, matama ochuluka, ndi kamera yabokosi imene ndinasinthanitsa ndi bulangete ku Mombasa. Pakalendalapo panali munda wa ku Ulaya, maluwa okhaokha m'mizere, ofiira ndi achikasu, mpaka kumene maso alekezera. Bambo Majid ankati dzina la maluwawo ndi chulipi.

Mkazi wanga Dailes akabwera ndi chakudya changa cha masana ankaima pamenepo, kukamwa yasa.

"Anzathu amalima maluwa ngati chimanga," anatero tsiku lina. "Ife kuno ndi chisoso basi."

Zinandipweteka, sindinama. "Iwe, timaluwa iti ndi nkhani? Ndikujambula pakati pa munda woposa uwu, konkuno kwathu."

Mundawo ndinali nditauganiza kale. Alamu anga a Gerson, amuna awo a achemwali anga a Rosina, anali kapitawo pa esiteti ya fodya kufupi ndi Chiparamba. Mwini wake anali mzungu amene antchito ankamutcha Bwana Chipewa. A Gerson anagwira pamenepo zaka khumi ndi zinayi. Anali ndi nyumba ya njerwa, dimba, ndi ana anayi. Pa esiteti, ntchito ndiyo nyumba: ikatha, umapita kukapempha malo ku rizevu, dera limene boma linasiyira anthu akuda, kumene nthaka inali itatopa kale.

Tsono fodya samulola kuchita maluwa. Akangoyamba kutulutsa ngala, amam'thena, kudula kunsonga ndi chala chachikulu kuti mphamvu yonse ipite m'masamba. Zimenezi ndinkazidziwa. Ndisanamizire umbuli pano, ndinakulira m'fodya ine.

Lolemba lina a Gerson anabwera ku Boma kudzatenga makalata a esiteti, ndipo anandiuza kuti bwana ali ku Sozibele kuchipatala chifukwa cha mwendo. Ndinati mwayi sudziwika.

"Alamu, kamunda kamodzi kokha, kakufupi ndi zigafa kaja. Musathene mpaka Lamulungu."

"Alamu, fodya sadikira munthu," anayankha.

"Masiku asanu ndi limodzi okha! Ine ndinakupemphanipo chiyani? Pamene munkafunsira achemwali, ankathamanga ndi mauthenga ndani?"

Anakanda m'mutu nthawi yaitali. Munthu uja mawu akuti iyayi ankamulemera ngati thumba la mchere. "Chabwino. Koma Lamulungu lomweli."

Lamulungu lomwelo kunagwa chimvula, msewu wonse phala lokhalokha. Patadutsa masiku awiri dalaivala wa lole ya esiteti anandipatsa kakalata ka mawu amodzi: "Tithene?" Ine ndinalemba kuseri kwake, "Dikirani, tikubwera." Lamulungu lotsatira kunapezeka ukwati wa mphunzitsi wina, ndipo ndinapita kukajambula ukwatiwo, ndikudziuza kuti sabata imodzi si chaka. Tinanyamuka Lamulungu lachitatu.

Ulendo unali wokoma, ndipo ndicho chimandiwawa. Dailes anakhala pakaliyala ya njinga atavala diresi lake lobiriwira, kamera ali nayo pamiyendo ngati khanda. Tinadya chimanga chootcha panjira, iye akuimba, ine ndikupalasa mothamanga kuti akuwe. Titakhota paphiri ndi kuona zigafa zoumitsira fodya, anasiya kuimba.

Mayo ine, munda uja! Fodya anali atatalika kupitirira mutu wanga, ndipo pamwamba ponse panali maluwa ofiirira, mbuu, kugwedezeka ndi mphepo. Njuchi zinali wowowo. Dailes anatsika, nagwira pakamwa.

"Abambo, ndiye munkanena zoona," ananong'ona.

Ndinatupa ngati finye. Ndinamuimika apa, ndinamuimika apo, ndinamuuza agwire duwa, ayang'ane kumwamba. Filimu inali ya zithunzi zisanu ndi zitatu, ndipo ndinaimaliza yonse. A Gerson anaima m'mphepete mwa munda manja kumbuyo, osaseka. Kumbuyo kwawo kunali antchito khumi amene anawaitana pa tsiku lopuma.

"Alamu, bwerani nanu muime apa!"

"Iyayi, jambulani. Mwatha?"

Nditangoti ndatha, anthu aja analowa m'mizere, ndipo tisanamwe n'komwe thobwa la achemwali, theka la maluwa linali pansi.

Zithunzi zitatsukidwa, maluwa onse aja anatuluka otuwa ngati phulusa. Kamera yanga sinkadziwa mtundu. Komabe Dailes anazikonda, ndipo chimodzi chinali chokongoladi: iye pakati, maluwa mbali zonse, zigafa ndi phiri kumbuyo. Ndinachikhoma pakhonde la sitolo kuti chikope anthu. Ndipo mwa uchitsiru wanga ndinalemba pansi pake ndi inki, "Chiparamba," ndi tsiku lake lomwe.

Mu Epulo, Dona, mkazi wa Bwana Chipewa, anabwera kudzagula ulusi. Anaima pachithunzi paja, nazindikira zigafa zawo, nayamba kusekerera kuti sankadziwa kuti munda wawo umakongola chotere. Ine mano onse pamtunda, ndinachichotsa pakhoma n'kumupatsa ulere.

Patapita masiku awiri lole inaima pasitolo. Bwana Chipewa anatsika akutsimphina, chithunzi chili m'manja. Fodya wa munda umenewo anali atatuluka m'chigafa wopyapyala ngati pepala, ndipo iye ankaganiza kuti ndi mvula. Tsopano anali ataona maluwa ndi tsiku lija ndinalemba pachithunzi.

"Iwe wajambula ichi?" anafunsa m'Chinyanja chake chothyokathyoka. "Iwe unauza kapitawo wanga kusiya maluwa?"

Tsidya la msewu panali wapolisi. Ndinaganiza za kamera yanga, za khonde la bambo Majid, za mlandu wolowa m'munda wa mzungu. Ine amene ndinkadzitama kuti ndinaona mabomba, ndinanama.

"Iyayi bwana. Ndinkangodutsa. Ndinapeza ali choncho."

Anandiyang'ana, nagwedeza mutu, nakwera lole. A Gerson anapatsidwa masiku atatu kuti achoke m'nyumba ya njerwa.

Ndinatha miyezi iwiri osapita kukawaona. Dailes ndiye anandikakamiza. Zithunzi zake anali atazichotsa kale pakhoma la kunyumba, nazibisa pansi pa sutikesi. Ndinatenga chimodzi, sindikudziwa chifukwa chake, n'kupalasa ndekha kupita ku rizevu.

Ndinawapeza m'kanyumba ka udzu pamalo a mchenga, ana atakhala panja, wamng'ono akutsokomola. Achemwali sanandipatse mpando.

"Whiteson, wabwera kudzajambula chiyani lero?" anatero. "Ukudziwa kuti bwana anawafunsa katatu kuti anawatuma ndani? Katatu! Iwo amvekere ndinangochedwa ndekha, bwana. Zaka khumi ndi zinayi osachedwapo, n'kudzitcha waulesi pamaso pa antchito awo, kuti iwe asakumange. Nanga iwe unati chiyani atakufunsa?"

Dalaivala wa lole anali atawauza kale zimene ndinamuyankha bwana.

A Gerson anatulukira kuseri ndi khasu, ataonda. Anandipatsa moni ndi manja awiri monga kale, nauza mwana abweretse mpando. Bwenzi atanditukwana, ndikanapeza poyambira.

"Alamu, ndinalakwa," ndinatero. "Ine ndi amene..."

"Zinatha izo. Kodi zithunzi zija zinatuluka bwanji? Ine sindinazione bwino, bwana ankangondigwedezera chimodzi kumaso."

Ndinatulutsa chithunzi chija m'thumba. Anapukuta zala pakabudula, nachigwira m'mphepete. Sanayang'ane Dailes, sanayang'ane phiri. Anachiyandikiza kumaso n'kuyang'ana pansi pa maluwa.

"Taonani masamba kuchepa kwake," anatero chapansipansi. "Bwana sananame. Fodya uyu ndinamulera kuchokera ku nazale, alamu. Akanakhala woyamba pa esiteti yonse."

Kenako ndinaona chala chawo chachikulu chikuyenda pachithunzipo, kuchoka pa duwa ili kupita pa ilo, chikhadabo chikutsina pepala. Iwo sankadziwa n'komwe kuti akutero. Ankathena.