Dzanja Lifike pa Khutu

Masozi anamuveka Ulemu chipewa choluka ngakhale dzuwa la Seputembala linali litayamba kale kubaya. Anapinda tsitsi lonse n'kulilowetsa mkati, chingwe chimodzichimodzi, mpaka mutu wa mwanayo unaoneka ngati dzungu.

"Amayi, kukutentha."

"Pirira mwanawe. Usavule mpaka ndikuuze."

Ulemu anali mwana wake woyamba, ndipo chibadwire lumo linali lisanamukhudze. Bambo ake, a Efulemu, anali Mrasta wokonza njinga pa Mitundu, koma sabata imeneyo anali ku Nathenje kumaliro a malume awo. Pochoka anangosiya mawu akuti, "Khoti linagamula kale. Ukamulembetse sukulu mmene alirimu."

Nkhaniyo Masozi anaimva yekha pa wailesi. Khoti lalikulu ku Zomba linati sukulu za boma zisamabweze mwana chifukwa cha madiredi, tsitsi lazingwe losameta la Arasta, poti malamulo aakulu a dziko amapereka ufulu wa maphunziro ndi wa chipembedzo kwa aliyense. Mawuwo anawaloweza ngati vesi. Koma Zomba n'kutali. Mwana wa alamu ake anabwezedwa pa sukulu yomweyi chigamulocho chisanabwere, ndipo lero akuotcha makala ku Dzalanyama, dzina lake lomwe satha kulemba. Ulemu akabwezedwa, Masozi ankadziwa chotsala: kumumeta n'kudana ndi mwamuna wake, kapena kumusunga pakhomo anzake akupita kusukulu.

Atafika pasukulupo, anapeza mzere wa azimayi pansi pa mtengo wa mango. Kutsogolo kunali tebulo, ndipo aphunzitsi a Gilibati, bambo wa imvi zapatalipatali, ndiwo ankalemba ana a Sitandade 1. Masozi anaima kumapeto, maso ali pa aphunzitsiwo. Ankafuna awone ngati amaseka, ngati amakalipa, ngati amayang'ana mitu ya ana.

"Anzathu, mwanayu akudwala malungo?" anafunsa Maness, mayi wogulitsa mandasi amene anali patsogolo pake. "Chipewa dzuwa lonseli?"

"Amachikonda."

"Iii! Kapena mwabisamo mbatata yoti adye pa buleki?"

Azimayi anaseka. Masozi anasekako pang'ono, dzanja lili paphewa la mwana.

Mzere utasendera, anaona zimene zinkachitika patebulo. Makolo ena ankawonjezera zaka za ana kuti achoke pakhomo msanga, choncho a Gilibati sankangokhulupirira zapakamwa. Mwana aliyense ankamuuza kuti adutsitse dzanja pamwamba pamutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Wogwira ankalembedwa. Wolephera ankamuuza kuti akadye kaye, abwere chaka chamawa. Mwana wa Maness analigwira mosavuta, mayi ake n'kululutira.

"Wotsatira!"

Masozi anagwada pang'ono. "Mwadzuka bwanji aphunzitsi?"

"Tadzuka mayi, kaya inu. Iwe, tagwira khutu tione."

Ulemu anakweza dzanja. Linakwera phiri la chipewa lija n'kuthera pamwamba pomwepo, zala zikugwira mphepo. Anayesanso, lilime lili kunja. Khutu linali kutali.

A Gilibati anagwedeza mutu. "Mayi, ndi zimene zili pamutuzi sizitheka. Zichotseni."

Masozi anamukokera mwanayo pafupi. Basi, aona. Anayang'ana kumbuyo, azimayi onse maso ali pa iye. Mawu amene anayeserera njira yonse anatuluka okha.

"Pepani aphunzitsi, sindingachotse. Khoti lalikulu linanena kuti mwana asabwezedwe. Ndi ufulu wake wa maphunziro ndi wa chipembedzo, zili m'malamulo a dziko. Si ine ndikunena, ndi khoti."

Aphunzitsiwo anatsitsa magalasi n'kumuyang'ana nthawi ndithu.

"Khoti linagamula za chipewa?"

Kenako analoza mutu wa Ulemu.

"Ine ndikunena chipewa, mayi. Dzanja la mwana lidutsa bwanji pa chulu chonsechi?"

Maness ndiye anayamba kuseka, enanso n'kutsatira. Masozi sanaseke. Kuvula chipewa kunali kuonetsa zonse. Anawerama n'kuchikoka pang'onopang'ono, ndipo madiredi anagwera m'mapewa mwa Ulemu, onyowa ndi thukuta. Kuseka kuja kunazima. Wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Ndi ka Rasta."

A Gilibati analiona tsitsilo. Masozi anawaona akuliona, ndipo anadikira.

"Gwira khutu," anatero aphunzitsiwo.

Dzanja linadutsa pamutu, zala zinatsika, n'kutsina nsonga ya khutu. Ulemu anaitsina mwamphamvu ngati ingathawe.

"Eya, wakula ameneyu. Dzina?"

"Ulemu," anayankha mwanayo yekha, asanasiye khutu.

Akulemba, a Gilibati anayankhula osadzutsa mutu. "Za khotizo tinazimva, mayi. Kale tinkabweza, sindikana, ine ndemwe ndinabwezapo ana. Anatiuza kuti tisiye, tinasiya. Muzingomumanga kumbuyo kuti aziona pa bolodi."

"Ndiye kuti mawa abwere?"

"Mawa lanji? Kalasi ndi iyo, anzake alowa kale."

Masozi anamasula kansalu kamene anamangira pa dzanja, n'kumanga tsitsi la mwanayo kumbuyo. Mfundo inamasuka, anamanganso. Ulemu sanadikire kuti atsanzikane, anathamangira kukhomo la kalasi.

Mayiyo anamutsatira chapatali n'kukaima pawindo. Mkati ana anakhala pansi mothithikana. Kamtsikana kena kanagwira chingwe chimodzi cha tsitsi la Ulemu, kanachiyang'anitsitsa, kenako kanasendera kuti mnzakeyo apeze pokhala.

"Mayi a Ulemu!" anaitana a Gilibati ali patebulo paja. "Kapena nanunso tikulembeni?"

"Ndikupita, aphunzitsi," anayankha Masozi.

Koma anaimabe pawindopo mpaka ana atayamba kuimba a, e, i, o, u, ndipo anamva mawu a mwana wake pakati pa anzake.