Kuseri kwa Mpanda wa Apongozi

A Filipo anafika pa khonde la sitolo pa Chinakanaka ali thukuta kamukamu, nakhala pa benchi osapereka ndi moni womwe. Bonface anaimitsa makina osokera. Pamiyendo pake panali diresi loyera la bwenzi lake Enifa, loti adzavale pa ukwati wawo mwezi wotsatira.

"Ankhoswe, mwayendako bwanji?"

"Akana. Ukwati ulipo, koma za sitimazo ayi. Akuti mwana wawo sakwera."

"Koma munafotokoza bwino?"

"Ndinati mkamwini wanu akufuna atenge mkazi apite naye ku Halale."

"Ayi inu! Si kupita naye. Kukayenda, n'kubwerako."

"Kukaona ndani? Kuli maliro?"

"Kukangoona dziko. Midzi, mizinda, mapiri."

A Filipo anaseka mpaka kutsokomola, naloza phiri la Mulanje lomwe linali tsonga kuseri kwa minda ya tiyi. "Mwana wobadwira pano ukufuna ukamuonetse phiri? Ili lakuchepera?"

Bonface sanaseke. Asanayambe utelala anagwirapo ntchito yophika m'sitima ya pamtunda. Tsiku lina anaona mzungu ndi mkazi wake atangokwatirana, akuyenda popanda chowathamangitsa, mkaziyo akuloza chilichonse pazenera. Kuyambira pamenepo analumbira mumtima kuti wake naye adzaloza. Ziphaso anali atatenga kale ku boma. Chotsala chinali mawu a munthu mmodzi, a Rute, mayi ake a Enifa.

A Rute anali ndi chifukwa chawo. Amuna awo a Samueli anakwera sitima ya ku Halale pa Luchenza Enifa ali kumsana, nati abwera mvula yoyamba isanagwe. Anatchona. Pakhomopo dzina la sitima silinkatchulidwa.

Chinkamuwawa Bonface n'chakuti sakanatha kudzilankhulira yekha. Mkamwini sayang'anana ndi apongozi aakazi. Akakumana panjira, iye ankapatukira m'tiyi mpaka adutse. Mawu ake onse ankadzera mwa a Filipo, ndipo ankafika atapindika.

Enifa atamva, sanalire. Anangouza Bonface kuti, "Loweruka masana mubwere nalo diresi kwathu ndidzaliyese. Amayi adzakhala atapita kumsika ku Chonde."

Linali bodza. Lowerukalo a Rute anatereka nyemba za kalongonda m'kampanda ka udzu kuseri kwa nyumba, ndipo kalongonda safuna kumusiya, amafuna kusonkhezera tsiku lonse. Kampandako kanali ndi khomo limodzi. Enifa anaika mpando pafupi ndi khomolo, naukhazika moti wokhalapo afulatire mpanda. Mayi ake sanawauze kanthu.

Bonface atafika n'kukhala, Enifa anamva chikuni chikugwa kuseri. Kenaka zii. Anadziwa kuti mayi ake amva liwu la mkamwini, ndipo potulukira alibe.

"Tandiuzeninso za ulendo uja," anatero mokweza.

"Wa chiyani? Unafa kale."

"Ndiuzeni basi. Ndiukwere ndi makutu."

Bonface anausa moyo, koma atangoyamba nkhope yake inawala. "Tikanakwera pa Luchenza. Sitima imatsetsereka kunka ku Chiromo, kotentha koti malaya amamata pamsana. Kenaka mlatho wa Zambezi. Enifa, mlatho umenewo ukhoza kusenda nzimbe n'kuitha usanaoloke! Tsidya lake, m'dziko la Apwitikizi, kuli mudzi wa azakhali anga pafupi ndi Sena. Tikanagona kumeneko, akuone, akuphere nkhuku. Tikatero ku Beira, ukalawe madzi a nyanja yamchere."

"Madzi amchere ndithu? Musandinamize."

"Ukanalavula wekha. Pochoka apo sitima imakwera mapiri a ku Umtali ikubuula ngati ng'ombe yokoka ngolo. Kumazizira ngati kwathu kuno mu Juni. Pomaliza ku Halale, kumene nyali zimayaka popanda mafuta."

Funso lotsatira Enifa anali atalikonza, koma yankho lake sankalidziwa. Likakhala loipa, mayi ake alimva lonse.

"Nanga kumeneko akakupatsani ntchito yabwino? Sitikhala konko?"

Utsi unkatuluka m'mipata ya udzu kumbuyo kwa Bonface, iye osauona.

"Anandipatsa kale, pa hotela. Ndinakana," anatero. "Ukudziwa chimene ndinkaona pa siteshoni ya ku Halale? Abambo a kwathu kuno, ena a imvi. Sayembekeza munthu ayi. Amangoima kuyang'ana otsika, n'kumafunsa: 'Ndinu a ku Mulanje? Auje akali moyo? Chaka chino chimanga chinacha?' Ukawauza kuti tiyeni, amayang'ana pansi. Manyazi anawamanga miyendo. Ine sindifuna kudzakalamba ndikufunsa alendo za kwathu."

"Ndiye mukunditengeranji kumeneko?"

"Chifukwa iwe ndi amayi mumadziwa sitima yopita yokha. Ndinkafuna uone kuti njanji yomweyo imabwerera. Utsike pa Luchenza ndi miyendo yako, ine pambuyo ndili ndi katundu pamutu. Tikanafika nthawi yososa isanathe. Munda wa amayi adzausosa ndani ngati si ine?"

Kuseri kwa mpanda munthu anatsokomola.

Bonface anauma ngati chitsa. Anafuna kudzuka athawe, koma Enifa anamugwira malaya. Anakhalanso, maso ali pansi, makutu akuyaka.



"Enifa," anaitana a Rute, liwu lili lolemera.

"Wawa amayi."

"Ndine amene ndapita ku Chonde ine?"

"Pepani amayi."

"Chenjera nako kuchenjerako." Kenaka anati, "Uwafunse alendowo. Abambo oima pa siteshoniwo, amafunsako za ana awo?"

Enifa anayang'ana Bonface. Iye anayankha akuyang'ana Enifa, monga mwa mwambo. "Uwauze amayi kuti ndilo funso lawo loyamba."

Anamva a Rute akumina, kenaka akukankhira nkhuni pamoto mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira.

"Uwauze kuti a Filipo ndi munthu wabwino koma mawu amawatayira m'njira. Pitani. Ukaone madzi amcherewo, unditengereko m'botolo, ndisamangomva za m'maluwa. Koma mvula ikagwa munda wanga usanasosedwe, ndidzawalonda ndekha ndi khasu mpaka ku Halale."

Enifa anakuwa, nalumpha, diresi likugwera m'fumbi. Bonface analitola msanga, akumwetulira mpaka mano onse pamtunda, komabe osacheuka.

"Sindinathe," anatero a Rute. "Pa siteshonipo mukaona bambo wamtali, wa chipsera pachibwano, dzina lake Samueli, musakamukalipire. Ukangoima patsogolo pake akuone bwino. Umuuze kuti amene wakubweretsa akukubwezanso kwanu."

Madzulo ake Bonface anabwerera ku Chinakanaka akuimba mluzu njira yonse. Anapeza a Filipo akali pa benchi.

"Ankhoswe, alola!"

"Alola? Wawauza ndani?"

"Ndawauza ndekha."

A Filipo anagwira pakamwa. "Mwana iwe, wayang'anana ndi apongozi?"

"Olo pang'ono," anatero Bonface, nakhala pa makina kuti ayambe kusoka diresi lachiwiri, la paulendo.