Mzati wa Pakati pa Ngalande

"Wosema mwala abwera Lachisanu," anatero Jabez, akukankhira pambali kapu ya tiyi. "Mawu ndalemba kale papepalali: Enoch Feetham, amene anaona yekha kuti dziko ndi lathyathyathya."

Mlongo wake Tabitha ankapinda malaya a bambo awo, amene anali atawaika m'manda dzana. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Zimenezo simulembetsa, achimwene, tisanakayang'ane."

"Tikayang'anenso chiyani iwe? Zaka makumi atatu akunena zomwezi!"

Apo sananame. A Enoch, bambo awowo, anali woyang'anira ngalande ina yowongoka mamailosi asanu ndi limodzi osakhota, ndipo anthu a ku London obwera ndi zoyezera zawo ankabwerera makutu akulira. Madzi samera chulu, ankatero mkuluyo. Koma mwezi wathawu anazika mizati itatu m'ngalandemo, wina pamlatho, wina pakati, wina kumapeto, yonse yotalika mofanana kuchokera pamadzi. Wapakati ukaoneka kuti waposa inzake, ndiye kuti dziko ndi lobulungira. Chibayo chinawatenga asananene zimene anaona, ndipo Tabitha sakanalola kuti bambo ake agone pansi pa bodza.

M'mawa mwake anachita kumukoka Jabez mpaka pamlatho. Anakhazika galasi loonera patali pamutu pa mzati woyamba, n'kuloza wakumapeto. Nsalu yofiira ya mzati wapakati inaonekera pamwamba, mosachita kufunsa.

Jabez anasuzumira mpaka diso kuchucha misozi.

"Anaudula molakwika. Maso anali atayamba kuwavuta."

"Bambo? Aja ankayeza ndi buledi yemwe asanamucheke? Kwerani m'bwato, tikauyeze."

Mamailosi atatu onsewo Tabitha anapalasa yekha, Jabez, mwamuna wamkulu, atangopinda manja, tsinya lili gwa. Atafika, Jabez anatambasula chingwe cha mfundo chimene bambo awo ankayezera. Anayeza kamodzi, kawiri, kachitatu, koma sunasiyane ndi inzake ija ngakhale pang'ono.

Akutsitsa dzanja, chala chake chinakhudza posema, pansi pa nsalu ija. Zinali zilembo za mpeni: "Ndinalakwa. E.F." Pambali pake panali tsiku, lomwe lija mkuluyo anafika kunyumba atanyowa, akunjenjemera.

Tabitha anasisita zilembozo ndi chala. Kani nkhalamba ija inapalasa mumvula mpaka kuno, kudzatsimikiza kuti yagonja.

"Nanga bwanji sanatiuze?" anafunsa Jabez.

"Atiuzatu apa. Ankadziwa kuti ana awo sangakhulupirire asanayeze."

Jabez anakulunga chingwe chija. Kenako anatulutsa pepala lija m'thumba, nalitembenuza kumbuyo kosalemba, n'kulikanikiza pamzati.

"Gwira bwato lisasunthe, mlongo wanga."

Anayamba kukhutiza pensulo papepalapo pang'onopang'ono, zilembo za bambo awo zikutuluka chimodzichimodzi, kuti wosema mwala asadzaphonye ngakhale kamzere kamodzi.